Mkamwini wa ku Mangalande

Jekete linali lobwereka kwa aphunzitsi aakulu, ndipo a Damiano ankangolivala n'kulivula ngati muli nsabwe. Manja ake ankathera m'mikono, mabatani osafikana pamimba.

"Kumeneko akuti kumazizira kuposa Juni wathu uno," anatero akuyang'ana mlongo wawo Nelia, amene anali pamphasa pakhonde, mpango wakuda uli kumutu. "Nanga munthu ukaperekeze maliro a alamu ako utangovala shati?"

 Amuna a Nelia, a Dankeni, anali atamwalira kumayambiriro kwa sabata ku chipatala cha mishoni ku Namitete, ndipo thupi lawo linali likadali m'nyumba yachisoni kudikira eni ake. Eni akewo sanali iye. Zaka zoposa makumi awiri anawaphikira, kuwachapira maovolosi a girisi, kuwapirira pamene ankalongolola, koma pa mwambo wa pamudzi pano a Dankeni anali mkamwini. Mkamwini akamwalira, mawu omaliza amachokera kwawo. Akwawo akanena kuti muikeni komweko, mumaika. Akati tibweretsereni, mumanyamula n'kukatula, n'kukafotokoza mmene anadwalira. Vuto linali lakuti kwawo kwa mkamwini ameneyu kunali ku Mangalande.

"Achimwene," anatero Nelia, "mukadaona kaye kuti mwana wawo wa ku Mangalande uja akubwera ndi mawu otani."

"Mawu alionse, ife tikhale okonzeka. Tisakachititse manyazi mudzi."

Anali atasankhana kale operekeza: a Damiano eni ake monga mwini mbumba, mkulu mmodzi wa kutchalitchi, ndi amayi awiri odziwa kulira. Za pasipoti palibe anali atazifunsa.

A Dankeni adabwera kuno ndi bungwe lokumba mijigo. Bungwelo litapita, iwo adatsala. Adakwatira Nelia, amene panthawiyo anali wamasiye ndi kamwana kake Zione, n'kumanga nyumba pamalo amene adawalozera apongozi awo. Anthu ankachokera ku Nsaru ndi ku Njewa kudzangoona mzungu wa chikamwini. Pamsewu adamanga shedi ya malata, ndipo m'menemo munkatuluka ngolo, makasu, mafelemu a zitseko, ndi zigayo zimene eni ake anali atazitaya kuti zafa. Chichewa chawo chinali chopindika ngati msomali wozulidwa, koma chinkalowa ndithu.

Chimene sadasiye ndi kudandaula za kwawo. Madzulo alionse ankatsegula wailesi kumvera nkhani za ku Mangalande, kenako n'kuyamba kukangana nayo wailesiyo.

"Ife tinkapangira dziko lonse masitima ndi mainjini," ankatero. "Lero kwathu akugulitsana khofi. Iwe undigulitse khofi, ine ndikugulitse khofi, basi dziko lalemera."

Akalowa m'sitolo ya zitsulo ya a Amidu ku Namitete, chinthu chilichonse ankachitembenuza kaye kuti aone kumene chapangidwa, kenako n'kutsonya. A Amidu ankachita kuwasungira zatsopano kuti adzawamve akutsonya. Nelia ankaseka nawo, koma pansi pamtima mawu akuti "kwathu" ankamulasa. Munthu wadya nawe mchere zaka zonsezi, koma kwawo kukadali kwina.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Munatuluka bambo wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu, atanyamula kachikwama kamodzi. Ameneyu anali Nikolasi, mwana wa a Dankeni wa kwa mkazi wawo woyamba, amene Nelia ankangomudziwira pachithunzi ali kamnyamata ka yunifolomu. Amayi amene anali m'nyumba atamva kuti mwana wa malemu wafika, anayamba kulira mokweza monga kuyenera. Nikolasi anaima pakati pa bwalo, n'kutembenuka kuyang'ana kumsewu, kuyesa kuti kwagwa ngozi ina.

Zione ndiye anakamuchingamira. Tsopano anali mayi wa ana ake, mikono yodzaza zipsera za kuwotcherera zitsulo, ndipo Chingelezi anachiphunzirira m'shedi muja pamodzi ndi mawu ena osayenera kunenedwa pamaliro. Anamulondolera kukhonde. Nikolasi anatambasula dzanja ali chiimire.

"Nelia," anatero, n'kuwonjezera mawu ena ofewa.

Amayi amene anali pafupi anayang'anizana. Mwana kutchula dzina la mkazi wa bambo ake poyera chonchi.

"Akuti amayi, pepani ndi zovutazi," Zione anamasulira.

"Ndamva mmene wanenera," Nelia anatero chapansipansi. Anagwira dzanja lija ndi manja ake onse awiri. Linali lofewa ngati la mwana wasukulu, koma zala zake zinali zazitali, zokhota pang'ono kumapeto, ndipo Nelia anazizindikira kuti ndi zala za a Dankeni. Analira tsopano zenizeni, osati zolandirira mlendo.

Bwalo linakhala m'chigafa cha fodya cha a Damiano, chimene chinali chopanda kanthu popeza fodya anali atapita kale kumsika. Amuna anakhala pamabenchi a kutchalitchi, amayi pansi chakumapeto. Nikolasi anamupatsa mpando wa pulasitiki pakati. A Damiano anaimirira m'jekete lawo, n'kufotokoza zonse mwadongosolo: mmene alamu awo anayambira kudandaula chifuwa, mmene anakanirira kupita kuchipatala mpaka atamaliza ngolo ya munthu wina, mmene anawatengera ku Namitete, ndi mmene anatsirizikira mkazi wawo ali pambali.

"Ife tinangosunga," anamaliza motero. "Mlendo ndi mame. Eni ake ndinu. Tiuzeni kumene tikatule, operekeza alipo kale."

Zione anamasulira. Nikolasi anayankha mwachidule, akuyang'ana pansi. Zione anamufunsanso kanthu m'Chingelezi, iye n'kugwedeza mutu kuvomera. Kenako Zione anangokhala chete.

"Tamasulira, mwana iwe," anatero a Damiano.

"Atsibweni, akuti thupi silipita."

Mtima wa Nelia unadumpha ndi chimwemwe chimene anachita nacho manyazi. Koma nkhope ya Zione sinali ya munthu wonyamula uthenga wabwino.

"Akuti apangana kale ndi malo ena ku Lilongwe. Mawa m'mawa galimoto ikatenga ababa kuchipatala, akawawotcha ku Lilongweko. Iwo adzangotenga phulusa m'kabotolo kupita nalo kwawo."

 Mayi wina anagwira pakamwa. Mkulu wa kutchalitchi uja anayang'ana kudenga ngati akuwerenga mikangala.  Nelia anali atadzikonzekeretsa kuti mwina amuna ake apita kutali, kumanda amene iye sadzawaona. Zoti aponyedwa pamoto ngati mapesi sizinamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

"Analakwanji?" anafunsa a Damiano, mawu atatsika.

Nikolasi atamva funsolo anafiira nkhope. Anafotokoza kuti kwawo ambiri amatero, si chilango ayi. Agogo ake onse awiri anawotchedwa. Amayi ake omubereka anawotchedwanso. Kunatsala azakhali ake okha, a Hilda, mlongo wawo wa a Dankeni, amene tsopano ankasungidwa kunyumba ya okalamba, ndipo iye anawalonjeza kuti mchimwene wawo abwera naye.

"Nanga phulusalo mukaliika m'manda a makolo?"

Manda a makolo kunalibe. Nikolasi anatulutsa foni, n'kufufuza, n'kuipereka kwa a Damiano. Foniyo inayenda m'manja m'manja mpaka inafika kwa amayi. Nelia anaona chinyumba chachitali chotuwa, chopanda mawindo, ndi bwalo la phula lodzaza magalimoto.

"Akuti apa ndi pamene panali fakitale imene ababa ankagwira," Zione ankamasulira pang'onopang'ono. "Agogo awonso ankagwira pomwepo, ndi agogo a agogowo. Ankapanga mapampu ndi mainjini. Itatsekedwa anaigwetsa, pamodzi ndi nyumba za antchito. Pano ndi mosungiramo katundu wochokera kunja, ndipo iwowa amagwira ntchito momwemo, kulongedza m'makatoni. Akuti akawaza phulusalo kuseri kwa mpandawo, m'mamawa alonda asanasinthane."

"Mozemba?" anafunsa a Damiano.

Zione sanamasulire funso limenelo.

A Damiano anakhala pansi mwakachetechete. Anayang'ana Nikolasi nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Munali chisoni cha munthu amene wapeza kuti mnzake amene ankamuyesa wolemera amagona ndi njala.

"Ndiye kuti kumeneko kulibe adzukulu, kulibe olira, kulibe ngakhale mtengo woti munthu n'kuloza kuti m'bale wanga ali apo," anatero. "Mzungu wathunthu, wopanda kwawo."

Nelia anadikira. Achimwene ake anali munthu wodziwa kulankhula. Milandu ya malire ankaipinda mpaka mwini munda n'kupepesa. Anadikira kuti aipinde iyinso.

"Komabe ife sitilanda maliro a eni," anatero a Damiano. "Mawa mwana wathu akakafera kuchikamwini, nafenso tidzafuna atimvere. Mawu ndi anu, bambo. Chimene mwanena, chachitika."

"Achimwene," Nelia anaitana.

"Alongo, mwambo ndi womwewu. Sitingaukonde pokhapokha ukatikomera."

Nelia anadzuka n'kutuluka m'chigafamo anthu asanabalalike. Anali wokwiya ndi achimwene ake chifukwa ankanena zoona, ndiponso wokwiya ndi a Dankeni chifukwa chomwalira osasiya mawu, munthu amene ankalongolola za chilichonse.

Kutacha, kusanatenthe, Nikolasi anabwera yekha kukhonde, Zione ali pambuyo pake. Anali atagona m'chipinda cha alendo, ndipo maso ake ankaonetsa kuti tulo sanatione. Ulendo uno anakhala pansi, pamphepete pa mphasa, miyendo yake yaitali ikusowa kolowera. Wa galimoto ya maliro anali atanena kuti anyamuka ku Lilongwe akalandira foni.

"Akufunsa kuti," anatero Zione, "kodi ababa ananenapo kumene ankafuna kudzaikidwa?"

Zione ananena mawuwo akuyang'anitsitsa amayi ake. Nelia anamva zimene maso amenewo ankanena. Panalibe mboni. Akanangoti inde, ananena kuti adzagone kuno, pafupi ndi dambo, mwanayu akanakhulupirira. Ankaoneka kuti akufuna wina amuchotsere katunduyo. Bodza lake linali laling'ono, lokwana m'kamwa bwinobwino, ndipo Nelia analilawa ndithu.

"Sananenepo," anatero.

"Amayi."

"Muuze momwemo. Sananenepo. Ndipo umuuzenso kuti tsiku silinkapita osatchula kwawo. Ngakhale kuchipatala kuja, mpweya ukuvuta, ankandiuza za mluzu wa fakitale umene unkalira m'mawa, anthu n'kudzaza msewu wonse ndi njinga. Kuno ankangoti kuno. Kwathu ankanena uko."

Zione anamasulira mokoka mawu, ngati munthu wonyamula katundu wa mdani wake. Nikolasi anamvetsera mutu uli pansi. Kenako analankhula nthawi yaitali.

"Akuti iwo anali ndi zaka za kusekondale pamene fakitale inatsekedwa. Ababa anakhala pakhomo chaka ndi chaka, akuyenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ntchito zinalipo zina, za ulonda, za m'sitolo, koma ankakana. Ankati munthu wa ku Mangalande ndi munthu wopanga zinthu, akasiya kupanga ndiye kuti ndi ndani. Banja linatha. Kenako ananyamuka kubwera kuno." Zione anapitiriza. "Akuti iwowa anatsala. Anakula m'dziko limene bambo awo ankati latha. Akuti mwina lathadi, sadziwa, ana awo sapeza ntchito yooneka, aliyense amangodandaula kuti mawa kudzakhala bwanji. Koma ndi kwawo. Ndiye anafuna kuti kamodzi kokha ababa abwerere, akakhale nawo m'zimene anawasiyira."

Nelia anamuyang'ana bamboyo, wa imvi zake, ndipo anaona mwana amene anasiyidwa pakhomo. Zaka zonsezi iye ankachitira nsanje dziko. Sanaganizepo kuti kumeneko kuli munthu amene akuchitira nsanje shedi ya malata.

"Muuze kuti sindimuletsa," anatero. "Bambo ndi ake. Koma andiyankhe chimodzi, chifukwa ine sindinapiteko. Kwawo kumene bambo ake ankanena, kwa mluzu ndi njinga, iye akatsika ndege akakupeza?"

Nikolasi anamva funsolo, n'kupukusa mutu pang'ono.  Foni inali m'dzanja lake, ndipo ankangoitembenuza.

Kumsewu kunayamba kumveka nyundo. Zione anadzuka.

"Ine ndikupita kushedi. Anzanga ayamba kale."

"Ayamba chiyani?" anafunsa Nelia.

"Bokosi. Ndinapita kukaona amene akugulitsa ku Namitete. Onyezimira bwino, koma zogwirira zake ndi zapulasitiki zopaka golide, zongokongoletsa. Mukanyamulira pamenepo zimathyoka. Ababa akanalitembenuza n'kutsonya." Anamanga chitenje chake mwamphamvu. "Kaya akupita kumoto kaya kudothi, atuluka m'chipatala muja m'chinthu chopangidwa pano."

Anabwereza mawu omwewo m'Chingelezi, mosanyengerera, n'kumapita. Patapita kanthawi Nikolasi anadzuka n'kumutsatira. Nelia sankayenera kuchoka pakhomo, namfedwa sayendayenda, koma anafunda nsalu yake n'kutsata nayenso. Amayi a m'nyumba anamuyang'ana, palibe anamuletsa.

M'shedimo munali amuna atatu amene a Dankeni anawaphunzitsa ntchito, onse tsopano a mabanja awo. Anali atatsitsa matabwa amene ankasungira ngolo, n'kuwapala mpaka kuyera. Bokosilo linali litaima kale pamipando iwiri, lalitali, losakongola kwenikweni, koma lolumikizana bwino moti mpeni sukanalowa pamfundo. Atamuona mwana wa abwana awo anasiya nyundo n'kuvula zipewa. Nikolasi anawakodola kuti apitirize.

Anayendayenda m'shedimo manja ali kumbuyo. Anayang'ana masipanala opachikidwa kukhoma motsatana kukula kwake, ndi mulu wa zitsulo zakale panja: masipuling'i a malole, mafelemu a njinga, zimbale za mapulawo. Anafunsa kanthu.

"Akufunsa kuti zitsulo zatsopano timagula kuti," Zione anauza amayi ake, n'kuyankha yekha m'zilankhulo zonse ziwiri. "Sitigula kawirikawiri. Timatola zimene ena ataya."

Zione anali pa ng'anjo, akupinda zogwirira kuchokera ku chitsulo chozungulira cha ekiselo yakale ya galimoto. Ankachiotcha mpaka kufiira, n'kuchimenya, n'kuchiviika m'madzi a m'chidebe. Zimene zinali zitazizira anaziyala pabenchi, zakuda, zolemera, zokwana dzanja la mwamuna. Nelia anakhala pa tayala pakhomo la shedi. Utsi wa makala ndi fungo la girisi zinamubweretsera amuna ake pafupi kwambiri kuposa nyimbo zonse zimene zinaimbidwa sabata imeneyo, ndipo misozi inangotsika yokha.

Foni ya Nikolasi inalira. Anaiyang'ana, n'kuisiya ikulira pabenchi mpaka inaleka. Anatola chogwirira chimodzi n'kuchiyeza kulemera m'dzanja. Anafunsa funso.

"Akuti kumanda n'kutali bwanji?"

"Kuseri kwa dambo," anayankha Nelia. "Kudutsa minda ya mtedza ija."

Nikolasi anafunsanso.

"Akuti galimoto imafika?"

"Sifika. Amanyamula ndi manja, kulandizana. Akatopa awa, alowa ena."

"Akuti anyamule ndani? Abale ake ndi iwo okha."

Funso limeneli anayankha ndi mmodzi wa amuna opala matabwa aja, osadikira Nelia. "Muwauze kuti asade nkhawa ndi onyamula. Vuto likhala kuwaletsa. Aliyense amene ali ndi ngolo kuyambira kuno mpaka ku Nsaru afuna agwireko."

Nikolasi anamvetsera kumasulirako. Kenako Nelia anaona chala chake chachikulu chikuyenda pansi pa chogwiriracho, mkati mwa kupindika, kumene diso silifika. Chinayenda pang'onopang'ono, n'kuima. Chinabwerera, n'kuimanso pamalo omwewo. Nikolasi anakwinya nkhope. Anayang'ana kukhoma, n'kutambasula dzanja, n'kutenga tupa, osati wamkulu, koma wachiwiri wake wa mano osalala. Anapana chogwiriracho pa chopanira cha pabenchi mochitembenuza chagada, n'kutambalalitsa miyendo.

"Sindinamalize zimenezo," Zione anatero m'Chichewa, atayiwala kuti akulankhula ndi mlendo. "Ndimati ndizipale zonse pamodzi."

Nikolasi sanamve, koma ngakhale akanamva sakanasiya. Tupa anayamba kulira. Poyamba dzanja linkaterereka, monga la munthu amene wakhala zaka osagwira chitsulo, koma posakhalitsa linapeza njira yake: kukankha, kunyamula, kubwerera, kukankha. Ankaima, n'kupititsa chala, n'kuyambanso. Amuna aja anasiya ntchito n'kumayang'ana.

Akupala choncho analankhula, maso osachoka pachitsulo. Zione anaima ndi nyundo m'manja, ndipo anachedwa kumasulira.

"Amayi," anatero. "Akuti atsibweni atume adzukulu ayambe kukumba. Azakhali awo awauza okha, akuti zikhala zovuta, koma awauza. Wagalimoto amuimbira kuti abwere nalo kuno thupi."

 Pothokoza, Nelia anawomba m'manja mofatsa, kawiri katatu, monga amachitira munthu polandira chinthu kwa wamkulu.

Nikolasi anamasula chogwirira choyamba, n'kuchipereka kwa Zione. Zione anachilandira, ndipo chala chake chachikulu chinapita chokha pansi pake, mkati mwa kupindika, n'kuyenda mpaka kumapeto. Nikolasi anaona chalacho. Anayang'ana mlongo wake ameneyu, amene anali asanamuonepo mpaka dzulo lake, n'kunena mawu ochepa a Chingelezi mokweza mawu pang'ono, mokalipa mwachibwana, motsanzira munthu wina. Zione anaseka misozi ili m'maso, n'kumalizitsa chiganizocho iye asanachimalize.

"Akuti chiyani?" anafunsa Nelia.

"Zija ankatiuza ababa tikafuna kuthamangira kuweruka," anatero Zione, n'kupinda lilime monga ankalankhulira malemuwo. "Munthu adzagwira apa iwe sudziwa iye. Koma iye ali ndi khungu."

Amuna aja anaseka chapansipansi, wina n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Nikolasi anapinda manja a shati yake mpaka m'zigongono, n'kutenga chogwirira chachiwiri, n'kuchipana chagada.